Kodi ujaji amangopatsana andale? Yankho kwa mayi a ku Area 23

Mayi wina wa ku Area 23 wandilembera imelo sabata yatha. Akuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 4 ndipo wakakamira zoti adzakhale jaji ngati Anastasia Msosa, koma bambo ake akumugwetsa ulesi kuti mipando imeneyo amapatsana andale, ndipo banja lawo lilibe wowadziwa ku Capital Hill. Funso lawo n'lakuti: bambowo akunena zoona?

Mayi, zikomo polemba. Bambo a kunyumbawo sakunama kotheratu, ndiyambe ndavomera zimenezo. Malamulo oyendetsera dziko lino amati majaji amasankhidwa ndi Pulezidenti, atalandira mayina kuchokera ku bungwe la Judicial Service Commission. Mkulu wa majaji onse amasankhidwanso ndi Pulezidenti, kenako aphungu awiri mwa atatu alionse amene alipo ndi kuvota m'Nyumba ya Malamulo ayenera kumuvomereza. Ndiye dzanja la andale lilipo ndithu. Koma malamulo omwewo amatinso munthu asanaganiziridwe n'komwe, akhale atatha zaka zosachepera 10 ali woyenera kugwira ntchito ya uloya. Zaka zimenezo palibe malume angakugulire.

Tsono poti mwana wanu watchula mayi Msosa, tiyeni tiwatsatire.

Digiri ya zamalamulo anaitenga ku Chancellor College mu 1975. Ujaji anaupeza mu 1992, n'kukhala mayi woyamba m'Malawi muno kukhala jaji wa Khoti Lalikulu. Werengani nokha: zaka 17 pakatipo, akugwira ntchito zamalamulo m'boma, dzina lawo losamveka pa wailesi. Achinyamata ambiri amene amasirira mkanjo ndi wigi ija saziwerenga zaka zimenezi.

Amene ankalamula dziko mu 1992 anali Kamuzu. Riferendamu ya pa 14 June 1993 itatha, anthu atasankha zipani zambiri, ntchito yotsogolera bungwe loyendetsa chisankho inagwera mayi yemweyu. Amene munalipo nthawi imeneyo mukukumbukira mmene mantha analili. Anthu anali atazolowera kunong'ona ngakhale m'nyumba mwawo momwe. Chisankho chinachitika pa 17 May 1994, Kamuzu anagwa, Bakili Muluzi anapambana, ndipo bungwe la jaji amene anakwezedwa mu ulamuliro wa Ngwazi silinapotoze zimene anthu anavota. Kamuzu mwiniwake anavomera kugonja pa wailesi ya MBC. Kukanakhala kuti jaji amabweza ngongole kwa womusankha, mpata wobwezera unali umenewo.

Papita zaka 15, mu 2009, mayi Msosa ali pampando womwe uja kachiwiri. Muluzi yemwe uja akufuna kuimanso atalamula kale matemu awiri. Bungwe lawo linamukana, nkhani inapita kukhoti, khoti linagwirizana ndi bungwelo. Alipo amene mpaka lero amati zimenezo zinakomera Bingu, ndipo mu minibasi ya ku Kawale mungakangane nawo mpaka m'tauni. Ine ndimangoona kuti munthu amene bungwe lawo linamulengeza wopambana mu 1994 sanapatsidwe ulemu wapadera lamulo litamutsekera khomo.

Mu 2013 Joyce Banda anawasankha kukhala mkulu wa majaji, kulowa m'malo mwa Lovemore Munlo. Apanso anali mayi woyamba pampandowo. Anthu sanachedwe kunena kuti amayi akukwezana okhaokha. Chaka chotsatira Joyce Banda anagonja pachisankho, ndipo amene analumbiritsa Peter Mutharika anali mayi Msosa omwewo. Anapuma ntchito mu 2015, m'malo mwawo munalowa Andrew Nyirenda.

Nyirendayo nkhani yake mukuidziwa. Pa 3 February 2020, kuno ku Lilongwe konkuno, majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex, ife tonse makutu ali pa wailesi tsiku lathunthu. Mu June chaka chomwecho boma linafuna kumutumiza Nyirenda kutchuthi kuti asabwererenso, maloya anatuluka mumsewu atavala mikanjo yawo, ndipo munthuyo anakhalabe pampando. Sindikunena kuti makhoti athu ndi oyera ngati ufa wa pa mphasa. Milandu imagona zaka, zigamulo zimachedwa, ndipo madandaulo a ziphuphu timawamva. Mwana wanu adzazipeza zimenezo.

Za panopa, mayi, musamuvutitse ndi za Capital Hill. Akhoze bwino MSCE, makamaka Chingerezi, chifukwa ntchito imeneyi ndi yowerenga ndi kulemba kuposa kuyankhula. Malo ophunzirira zamalamulo ku yunivesite ku Zomba amalimbirana kwambiri. Akadzamaliza, ena amayambira ku umajisitireti, ena uloya wa boma, ena kuimira anthu osauka ku Legal Aid.

Chinthu chimodzi mungachite tchuthi chikubwerachi osawononga ndalama zambiri: milandu yambiri kukhoti imazengedwa poyera, aliyense amaloledwa kulowa. Mukwere naye minibasi, mukakhale pa benchi yakumbuyo kukhoti la majisitireti m'mawa wonse, foni itathimitsidwa. Akamve mlandu wa mbuzi yobedwa ukuimitsidwa kachitatu chifukwa mboni sinabwere. Bambo akewo muwatengenso.