Achemwali, botolo la elderberry lija musalitsegule kaye

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mwati anzanu kuntchito akukulimbikitsani kuti muyambe kumwa elderberry, manyuchi a tizipatso takuda amene anthu amamwa pa chimfine, poti nyengo yozizira yayandikira ku Manchester, ndipo mwagula kale botolo lake lotchedwa Sambucol. Mukufuna kudziwa ngati zingayendere limodzi ndi lupus yanu komanso mankhwala anu aja, hydroxychloroquine, prednisolone ndi methotrexate. Mwafunsanso za alamu ndi ana, komanso ngati mungawatumizireko amayi kumudzi. Ndiyankha pagulu pompano kuti ena amve nawo. Inuyo musamwe. Alamu atha kumwa ngati akufuna. Amayi ayi, koma pa chifukwa china.

Ndiyambe ndi inuyo. Kwathu kuno tikamva mawu oti chitetezo cha m'thupi timaganiza zoti chatsika, chikufunika kukwezedwa, chifukwa ndi zimene tinazolowera ndi nkhani ya HIV. Lupus si choncho ayi. Chitetezo chanu mphamvu chili nazo, vuto ndi loti chasokonezeka, chikulimbana ndi thupi lanu lomwe: khungu, molumikizana mafupa, magazi, nthawi zina impso. Zili ngati galu wolondera amene wayamba kuluma ana a pakhomo. Galu wotero sumusakira chakudya chomuonjezera ukali, umamumangirira. Methotrexate ndi prednisolone ntchito yake ndi imeneyo, kumangirira. Ndiye botolo lililonse lolembedwa kuti limakweza chitetezo likukokera kwina, adokotala anu akukokera kwina.

Ndipotu si nkhambakamwa chabe. Mu 2001 akatswiri a ku Israel anatenga maselo oyera a magazi a anthu abwinobwino n'kuwasakaniza ndi Sambucol yemweyo mu labotale. Maselowo anayamba kutulutsa kwambiri timichere tina totumiza uthenga wa nkhondo m'thupi, timene amati cytokines, makamaka TNF-alpha, IL-6 ndi IL-1. Tsono TNF-alpha ndi IL-6 ndi timene mankhwala okwera mtengo a nyamakazi, monga adalimumab ndi tocilizumab, anapangidwira kuti azititseka. Mwaiona nkhani yake?

Koma ndinene chilungamo, ndisakuopsezeni mopitirira. Zimenezo zinachitikira m'mbale za mu labotale, osati m'thupi la munthu. Mu 2021 ena anasonkhanitsa kafukufuku yemwe analipo, ndipo sanapeze umboni woti elderberry amautsa chitetezo mopyola muyeso mwa anthu amene anamwa. Chokhacho, kafukufuku ameneyo sanali wa anthu a lupus. Ndiye timayeza zinthu ziwiri: mupindulapo chiyani, ndipo mukuika chiyani pachiswe.

Phindu lake nali. Ku Norway, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2004, anthu 60 odwala fuluwenza anawagawa pawiri. Amene ankamwa 15 ml ya elderberry kanayi pa tsiku kwa masiku 5 anapeza bwino pafupifupi masiku 4 msanga kuposa anzawo. Ku Australia mu 2016 anayesa anthu 312 oyenda maulendo ataliatali pa ndege. Chimfine chinkafupika ndi masiku awiri kapena kuyandikira pamenepo, koma pa chiwerengero cha amene anadwala panalibe kusiyana kodalirika. Kenako mu 2020 a Cleveland Clinic ku America anayesa anthu 87 a fuluwenza, sanapeze kusiyana kulikonse. Ndiye ngakhale titamukomera mtima bwanji, elderberry angafupikitse chimfine pang'ono, osati kuchiletsa kubwera. Kumwa tsiku lililonse kuyambira Okutobala mpaka Malichi ngati chishango, zimene anzanuwo akunena, palibe kafukufuku amene anazitsimikiza.

Mbali inayo ndi impso zanu. Lupus ikadzuka n'kugwira impso, nkhani yake ndi ya miyezi yambiri ya prednisolone wochuluka, nkhope kutupa, shuga kukwera, mafupa kufooka, mwinanso kugonekedwa. Masiku awiri a chimfine sangafanane ndi zimenezo, achemwali. Palinso chiwindi. Methotrexate amadutsa m'chiwindi, n'chifukwa chake amakutengani magazi pafupipafupi. Mukaonjezera za zitsamba, zotsatira n'kusokonekera, adokotala sadziwa chalakwa n'chiti, ndipo atha kukuimitsani mankhwala amene akukuthandizani.

China, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, tizilembo ting'onoting'ono tija. Zambiri zolembedwa elderberry kutsogolo zimakhala zosakaniza. Mukaona echinacea, spirulina, chlorella, ashwagandha kapena alfalfa, bwezani pa shelefu. Alfalfa ndiye woipitsitsa kwa inu, ali ndi L-canavanine, yemwe amadziwika kuti amadzutsa lupus. Izi zikukhudzanso ufa wobiriwira uja anthu amathira mu juwisi m'mawa. Dziwaninso kuti ku Britain zambiri mwa izi amazigulitsa ngati chakudya choonjezera, sizidutsa muyeso umene mapiritsi a kuchipatala amadutsa, ndiye mphamvu ya botolo ili ndi ilo imasiyana. Nthawi ya Covid, malonda atakwera, ku America anapeza kuti zina zinali zosakaniza ndi mpunga wakuda kuti zioneke mtundu wa elderberry.

Ngati munalawako kale supuni imodzi kapena ziwiri musade nkhawa, ingosiyani. Koma m'masabata akubwerawa muziyang'anira izi: zidzolo zofiira pamasaya ndi pamphuno, zilonda m'kamwa, tsitsi kuthothoka kwambiri, zala kuuma m'mawa, mkodzo wa thovu losatha msanga, mapazi kapena zikope kutupa. Mukaona chimodzi imbirani nesi wa ku rheumatology, kiliniki ya lupus ndi nyamakazi ija, nambala ili pa makalata anu a ku kiliniki. Muwauze dzina la botolo, tsiku limene munayamba ndi kuchuluka kwake. Iwo ayeza mkodzo ngati muli puloteni, ayezanso dsDNA ndi C3 ndi C4 m'magazi, zimene zimasonyeza ngati lupus yadzuka.

Nanga mudziteteze bwanji? Choyamba katemera wa fuluwenza, wa jakisoni, chaka chilichonse ikangofika Okutobala. Kwa inu ndi waulere pa NHS, zipatala za boma za kumeneko, ndipo amene mumakhala nawo nyumba imodzi nawonso amaloledwa, ndiye alamu apite. Wa jakisoni alibe kachilombo kamoyo. Wopopera m'mphuno uja ali nako kofooketsedwa, si wa inu. Mufunsenso za katemera wa chibayo, wa Covid ndi wa mashingozi. Vitamini D mufunse mlingo wanu, chifukwa inu mumapewa dzuwa, khungu lathu ndi lakuda, ndipo kumeneko dzuwa la nyengo yozizira silipanga kanthu. Boma la kumeneko limalangiza 10 micrograms pa tsiku kwa aliyense m'miyezi imeneyo, koma wa prednisolone kawirikawiri amamulembera wochulukirapo pamodzi ndi calcium.

Mukadwala, thupi likafika 38, musadikire kuti tione mawa. Prednisolone amabisa zizindikiro, mutha kumaoneka bwinobwino matenda akulowerera. Imbani 111, nambala ya NHS ya malangizo a zaumoyo, kapena kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, tsiku lomwelo, nenani poyambirira kuti muli pa methotrexate. Mankhwala a fuluwenza, oseltamivir, amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 48. Methotrexate nthawi zambiri amakuuzani kuti mudumphe sabata imeneyo ngati matenda ndi aakulu kapena muli pa ma antibiotic, koma iwo ndiwo anene. Prednisolone ndiye musasiye mwadzidzidzi ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene wamwa 5 mg kapena kuposa kwa milungu 4 thupi lake limachepetsa kupanga lokha steroid yachilengedwe imene prednisolone amalowa m'malo mwake, ndiye kudwala kumafuna kuonjezera, osati kuchepetsa. Khadi lofiira la steroid lija, losonyeza kuti muli pa prednisolone, lizikhala m'chikwama. Pa ululu imwani paracetamol, 1 g nthawi imodzi, osapyola 4 g pa tsiku, ndipo kumbukirani kuti Lemsip, mankhwala a chimfine aja, ali kale ndi paracetamol m'kati. Ibuprofen musamwe musanafunse, chifukwa cha impso.

Ichi ndikufuna aliyense pagulu pano amve. Achemwali akabwera kumudzi pa Disembala n'kudwala, wina asawapatse Bactrim wa m'kabati kapena wa pa golosale. Bactrim ndi methotrexate zikakumana zimatha kugwetsa maselo a magazi mpaka munthu kufa. Ku Britain mankhwala ofanana ndi Bactrim amatchedwa trimethoprim, amene amakonda kupereka pa matenda a chikhodzodzo. Amenewa ndi oopsa kwa inu kuposa elderberry kutalitali.

Za alamu tsopano. Ngati alibe matenda ena, botolo mwagulalo apatseni iwo, lisatayike. Ayambe tsiku loyamba kapena lachiwiri chimfine chikangogwira, atsatire mlingo wa pa botolo, masiku 5 basi. Mphuno ndi chifuwa zikapitirira sabata ndi theka, kapena akayamba kubanika, apite kuchipatala. Ana muone zaka zolembedwa pa botolo, pali la ana lakelake. Timaswiti totafuna tija ana amationa ngati maswiti enieni, muziika pamwamba. Woyembekezera ndi woyamwitsa asamwe.

Munatchulanso kuti mitengo yake ili mbwee m'mbali mwa njira kumeneko. Zoona, dzina lake ndi Sambucus nigra, imachita maluwa oyera cha m'ma Juni, zipatso zimapsa Ogasiti ndi Seputembala. Si mabulosi athu aja ayi, ana asathyole n'kuponya m'kamwa. Masamba, makungwa, timapesi ndi zipatso zosapsa zili ndi poizoni amene amasanduka cyanide m'mimba. Mu 1983 ku California anthu 8 anawanyamula pa helikopita kupita kuchipatala atamwa juwisi wosaphika wofinyidwa pamodzi ndi masamba ndi timitengo: kusanza, chizungulire, dzanzi, zonse zinayamba pasanathe mphindi 15. Wofuna kupanga yekha atenge zakuda bii zokha, azipulule ndi foloko, achotse kapesi kalikonse ndi zobiriwira zonse. Ziwire pa moto kwa mphindi 30 mpaka 45, poto wosavundikira, mpaka madzi atsike theka. Kenako asefe, mbewu atayire kutali, zikazizira athire uchi n'kusunga mu furiji. Mwana wosakwana chaka uchi ayi.

Amayi ndiye musawatumizire. Pa mabotolo ambiri a manyuchi amenewa chinthu choyamba pa mndandanda ndi glucose syrup, ndiye kuti chochuluka kwambiri m'botolomo ndi shuga. Amayi ali pa metformin, mankhwala a matenda a shuga, ndipo mukuwadziwa, chochokera kunja adzachimwa m'mawa ndi madzulo mokhulupirika, mwinanso n'kuyamba kudumphitsa mapiritsi awo. Ndalama imeneyo ndi yotumizira yomwe muwagulire timapepala toyezera shuga, tija ta makina amene ali nawo kale, muonetsetse kuti dzina likufanana chifukwa ta kampani ina sitilowa. Inuyo jambulani kumbuyo kwa mabotolo ena onse amene muli nawo m'kabati, ngakhale a mavitamini ndi tiyi wa zitsamba, munditumizire madzulo ano ndiwerenge zimene zili m'kati.