Kodi chuku cha m'chimanga ndi mtedza chingawononge mbewu ya abambo?

Bambo wina wa ku Chawama mu Lusaka wanditumizira imelo, dzina ndabisa. Akuti: "Takhala m'banja zaka zitatu popanda mwana. Ndamva kuti poizoni wa mu unga uja anapha agalu amawononganso mbewu ya abambo. Mnzanga akuti ndigule mavitamini E ndi C ku famase, anditeteza. Kodi n'zoona?"

Achimwene, ndikuthokozeni kaye chifukwa mwayamba ndi kudzifunsa nokha. M'makomboni mwathu muno mwana akachedwa, chala chimaloza mkazi, pomwe madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhalanso kwa mwamuna.

Poizoni mukunenayo ndi aflatoxin. Amachokera ku chuku chotchedwa Aspergillus flavus, chomwe chimakhala m'dothi n'kulowa m'chimanga ndi mtedza mbewu ikavutika ndi ng'amba kumunda, ikabooledwa ndi anankafumbwe, kapena ikasungidwa isanaumitsitse. Mpake kuti nkhaniyi inabuka mu Ogasiti 2024, titangochoka m'chilala chija, pomwe nduna ya zaumoyo ya Zambia panthawiyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa ndipo unga wa zigayo zina wapezeka ndi poizoniyu wopyola muyeso. Chiwalo chomwe amayamba kuwononga ndi chiwindi. Ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125 omwe anadya chimanga chowonongeka, ndipo akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu wokhala kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Poizoniyu alibe fungo lakelake, ndipo moto wophikira nsima sumupha.

Nanga mbewu ya abambo? Pa makoswe, atambala ndi akalulu umboni ulipo wambiri: akadyetsedwa aflatoxin mbewu imachepa, yambiri imakhala yopunduka kapena yosayenda bwino, ndipo homoni yachimuna yotchedwa testosterone imatsika. Pa anthu kafukufuku wotchuka ndi wa ku Benin City ku Nigeria mu 1994, yemwe anapeza poizoniyu mu umuna wa amuna 40 mwa 100 aliwonse osabereka, koma 8 okha mwa 100 obereka. Anayeza amuna ochepa, choncho sitinganene kuti aliyense wosabereka vuto lake ndi chuku. Komabe ine sindingazitenge mopepuka, poti kuno nsima ndi nsinjiro timadya tsiku ndi tsiku.

Za mavitaminizo mnzanu sanangopeka. Poizoniyu amawononga timaselo topanga mbewu, ndipo pa kafukufuku wa nyama vitamini E, vitamini C ndi mchere wofunika m'thupi wotchedwa selenium zinachepetsako kuwonongekako. Koma kuchepetsako si kuchotsa poizoni m'thupi. Mapiritsi ochuluka alinso ndi ngozi yake: ku America kafukufuku wamkulu wotchedwa SELECT anapeza mu 2011 kuti amuna omwe ankamwa vitamini E wambiri tsiku lililonse, khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo) inawonjezekera ndi 17 peresenti. Ndalama ya mabotolowo ndi bwino ipite ku magwafa, malalanje, mabuyu, kotapela, nthanga za maungu, mazira, kapenta ndi ndiwo zamasamba monga chibwabwa ndi bondwe. Mavitamini omwewo alimo, pa muyeso umene thupi limaufuna.

Nkhondo yeniyeni ili m'khitchini. Mukagula mtedza kumsika wa Soweto, uthireni pa lichero powala n'kusankha umodziumodzi. Wofota, wosweka, wakuda kapena wobiriwira mkati, tayani, ndipo wowawa mkamwa lavulani. Osapatsa nkhuku kapena ng'ombe, chifukwa poizoniyu amadwalitsa ziweto n'kutulukiranso mumkaka, ndiponso osafululira mowa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nsinjiro ndi chiponde zosinjidwa kale zomangidwa m'timapulasitiki. Mtedza wokongola umagulitsidwa wathunthu pa mtengo wabwino, wotsalira uja ndiwo kawirikawiri umathera mumtondo, ndipo ukasinjidwa diso silingathenso kusiyanitsa. Gulani wathunthu, musinje nokha. Thumba la unga lisagone pasimenti kapena kutsamira khoma lonyowa nthawi ya mvula, liikeni pamatabwa.

Ngati chakudya chimabwera pabasi kuchokera kwa abale ku Chipata, Katete kapena Petauke, auzeni asiye kuwaza madzi pamakoko a mtedza pofuna kuti asendeke msanga, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chuku chimafuna. Aziyanika pa tenti kapena pathandala osati padothi. Afunsenso alangizi za Aflasafe, mankhwala ochepetsa aflatoxin omwe amawaza kumunda mbewu zisanachite maluwa.

Koma achimwene, zaka zitatu n'zambiri, musadikirenso. Chaka chimodzi chikatha popanda pathupi, onse awiri muyenera kuyezedwa. Yambirani ku kiliniki yakwanu, akakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kukayezetsa umuna. Adzakuuzani kudziletsa masiku awiri mpaka 7 musanapereke. Zotsatira zikaipa amabwereza patapita miyezi ngati itatu, popeza mbewu yatsopano imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangidwe. Dokotala adzafufuzanso zina zomwe zimapezeka kawirikawiri: chinzonono chomwe sichinachizidwe bwino, matsagwidi odwala muli wamkulu, mitsempha yotupa m'machende, fodya ndi mowa. Muli komweko pemphani akuyezeni hepatitis B, ndipo ngati mulibe funsani za katemera wake.