Muyambire pa fainolo ya Nigeria ndi Morocco

Achemwali, mwati mtsikana wanu wa zaka 13 sakukupatsani mpata ndi mafunso a WAFCON, mpikisano wa mpira wa amayi wa maiko a mu Africa, chimvereni kuti ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, apezako malo, inu mpira simuutsatira, ndipo bandulo yanu ndi yoti simungaonere chilichonse chimene mwapeza. Mwafunsa kuti mumuonetse masewero ati. Ine ndimaphunzitsa atsikana mpira masana tikaweruka kusukulu, ndiye ndikuuzani amene ndidaonetsa anga.

Muyambire pa fainolo ya WAFCON ya pa 26 Julayi 2025, Nigeria ndi Morocco, mu mzinda wa Rabat. Koma chonde musamuuziretu mmene adathera. CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, imaika zidule za masewero ake pa YouTube, ndipo mukapeza chigawo chachiwiri chathunthu, bandulo yanu ithere pamenepo, simudzadandaula. Pofika nthawi yopumulira Morocco inali ikutsogola 2-0, Ghizlane Chebbak ndi Sanaa Mssoudy atamwetsa zigoli, bwalo lonse lili kumbali ya eni nthaka. Ife tinkaonera pa foni imodzi yotsamiritsa ku botolo la madzi m'kalasi, atsikana oposa khumi atapanikizana mitu. Goloboyi wathu, kamtsikana kamene kamalira kakangolowetsedwa chigoli chimodzi, adadzuka n'kunena kuti basi zatha, tiyeni tikasewere. Ndidamugwira mkono kuti akhale pansi.

Muuzeni mwana wanu kuti maso ake akhale pa Esther Okoronkwo. Iyeyu adagoletsa penate, kenako adapatsira Folashade Ijamilusi mpira wa chigoli chofananitsira mphamvu, ndipo kutatsala mphindi ziwiri ndi iye yemweyo adamenya firikiki imene Jennifer Echegini adailowetsa muukonde. Masewero adatha 3-2, Nigeria n'kunyamula chikhochi kachikhumi. Chimene ndimafuna ana aone si zigolizo ayi, koma mmene Nigeria idasewerera ili kumbuyo: palibe wokalipira mnzake, palibe womangomenya mpira kutsogolo mwamantha. Goloboyi wathu uja mawa lake adabwera ku maphunziro woyamba.

Masewero achiwiri ndi owawa, makamaka kwa abale athu a ku Chipata amene ali m'gulu lino, mundikhululukire. Mu ndime ya matimu asanu ndi atatu ya mpikisano womwewo, Nigeria idakwapula Zambia 5-0 ku Casablanca. Zambia inali ndi Barbra Banda, yemwe adagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo, komanso Racheal Kundananji. Awiriwa tsiku limenelo mpira sunkawafika n'komwe, chifukwa pakati ndi kumbuyo padali patasweka kale. Chigoli choyamba chidalowa masewero atangoyamba, cha mutu cha Osinachi Ohale, wosewera kumbuyo.

Masewero amenewa ndikuwaumirira chifukwa ana athu onse akufuna kukhala Temwa kapena Tabitha Chawinga. Sindikuwadzudzula. Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current, zimene palibe adazichitapo m'mbuyomo, ndipo Tabitha adatsogolapo pa zigoli ku Italy ali ku Inter Milan asanapite ku France. Koma ndikafunsa kuti ndani asewere kumbuyo, onse amayang'ana pansi ngati ndawapatsa chilango. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ku WAFCON denga lake ndi lolemera kuposa la COSAFA, ya maiko a kumwera kwa Africa, imene tidapambana mu 2023 titagonjetsa Zambia 2-1. Ngakhale tsiku limene tidapeza malo, mu Okutobala 2025 pa Bingu ku Lilongwe, zigoli zonse ziwiri zogonjetsera Angola adamwetsa ndi Faith Chinzimu. Dzina limeneli mwana wanu alidziwe.

Bandulo ikatsalako, muonjezere fainolo ya 2022, pomwe South Africa ya mphunzitsi Desiree Ellis idagonjetsa Morocco 2-1 ndi zigoli ziwiri za Hildah Magaia. Timu ya South Africa-yi, Banyana Banyana, idali itafika mu fainolo kangapo n'kumabwerera chimanjamanja, ndipo Ellis mwiniwake adali kaputeni wa timuyi kale. Chaka chomwecho Zambia idakhala yachitatu itagonjetsa Nigeria 1-0, Barbra Banda palibe. Mukaika pamodzi ndi 5-0 uja, mwanayo adzaona yekha kuti nkhani si dzina la munthu mmodzi. Za mbiri yakale musavutike nazo: kupatula Nigeria ndi South Africa, dziko lina lomwe lidali litatengapo chikhochi pofika 2025 ndi Equatorial Guinea basi, mu 2008 ndi 2012.

Akakufunsani chifukwa chake anthu akuutenga mpikisano umenewu mwamphamvu chonchi, muuzeni kuti matimu anayi ofika mu semifainolo ya WAFCON ya 2026 ndi amene akupita ku World Cup ya 2027 ku Brazil. Chinthu chimodzi ndikupempheni, achemwali: musamupatse foni n'kupita kukaphika. Khalani naye pamphasa, mumufunse kuti uyu wavala nambala yakuti akugwira ntchito yanji, bwanji oyimbira aimitsa masewero. Ngakhale simudziwa kuti ofusayidi n'chiyani, musiyeni akuphunzitseni iyeyo. Ndipo ngati bambo ake amanena kuti mpira wamiyendo ndi wa anyamata, musalimbane nawo pakamwa, ingowaitanani akhale nanu chigawo chachiwiri cha fainolo ya ku Rabat chikamayamba.

Mukatha, mutiuze m'gulu muno kuti wasankha wosewera uti. Akatchula wa kumbuyo kapena goloboyi, mufunse aphunzitsi a zamasewero kusukulu kwake ngati pali timu ya atsikana, chifukwa ana otero timawasowa kwambiri.