Mwana wanga akufuna upulofesa, osati ntchito ya ku banki

Funso: Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya zowerengera ndalama. Ife timayembekezera kuti alowa ntchito ku banki, koma iye akuti akufuna kudzakhala pulofesa wophunzitsa za chuma cha makampani ndi mabanki. Kodi sakutaya nthawi?

Yankho: Amayi, sakutaya nthawi ayi, koma njirayi ndi yaitali. Akamaliza digiri yoyamba afunika ya masters, kenako PhD, yomwe kawirikawiri imatenga zaka 4 mpaka 6. Upulofesa nawonso subwera pompo: amayamba ngati lekichala, n'kumakwera pang'onopang'ono.

Chomukweza kwenikweni ndi kafukufuku, wosindikizidwa m'magazini a akatswiri monga Journal of Finance, komwe zolemba zambiri zimabwezedwa zikawunikidwa. Ndiye mumufunse mwanayo ngati amakonda masamu, komanso ngati mtima wake ungapirire funso limodzi kwa zaka zingapo.

Mafunso ake amakhala otere: kampani ikafuna kukula, ikongole ndalama kapena igulitse masheya? Mu 1958 akatswiri a zachuma Franco Modigliani ndi Merton Miller anasonyeza kuti pakanapanda misonkho ndi zotayika kampani ikagwa, chisankhochi sichikanasintha mtengo wa kampaniyo. Akatswiri akufufuzabe chifukwa chake pamsika weniweni mtengowo umasintha. Za mabanki nazo n'zozama. Banki imabwereketsa kwa nthawi yaitali ndalama zomwe eni ake angazifune tsiku lililonse, choncho mphekesera chabe ikhoza kuigwetsa anthu akathamangira kukatapa zawo nthawi imodzi. Douglas Diamond ndi Philip Dybvig analongosola izi mu 1983, ndipo mu 2022 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Ben Bernanke. Ngati nkhani zoterezi zimamusowetsa tulo mwana wanu, musamuletse.

Za malipiro sindikubisirani: pa zaka za PhD anzake a ku banki adzamuposa, n'chifukwa chake asayambe PhD popanda sikolashipu. Komabe maloto anu ndi ake sakulimbana. Ine ndingakonde atagwirako ntchito ku banki chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa amene anaonapo momwe ngongole imavomerezedwera amaphunzitsa zogwira mtima.

Pakadali pano alimbikire masamu ndi econometrics (kusanthula za chuma pogwiritsa ntchito ziwerengero), aphunzire pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira ziwerengero monga R kapena Stata, ndipo apemphe mphunzitsi wake mmodzi kuti azigwira naye ntchito ya kafukufuku. Mphunzitsi ameneyo ndi amene adzamulembere kalata yomuchitira umboni akamadzafunsira malo a masters.