Kodi kubena nyimbo n'kuba? Yankho kwa mnyamata wa ku Chinamwali

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa ku Chinamwali kuno ku Zomba. Dzina lake ndalisunga. Ndaidula pang'ono, koma mawu ake ndi awa: "Achimwene, ine ndili ndi kompyuta yomwe ndimabenera anthu nyimbo ndi mafilimu m'ma memory card ndi m'ma flash. Mnzanga wina wophunzira ku Chanco wandiuza kuti ndikuba ndipo tsiku lina adzandimanga. Koma ine ndinamva kuti pa foni iliyonse yolowa m'dziko muno pali msonkho wopita kwa oimba. Ndiye ngati msonkho unaperekedwa kale, ine ndikuba chiyani? Komanso aliyense amatumizirana nyimbo pa WhatsApp, bwanji iwowo sawanena?"

Mphwanga, zikomo pondikhulupirira. Ndikuyankhani mosapsatira, ngakhale mbali ina ya yankholi simuikonda.

Mnzanu wa ku Chancoyo sakunama. Lamulo loteteza umwini wa luso lilipo, ndipo si lachilendo. Loyamba lomwe anthu ambiri amalikumbukira ndi la 1989, lomwe linakhazikitsa COSOMA, bungwe loyang'anira za umwini wa luso. Chosangalatsa n'chakuti aphungu analikambirana konkuno ku Zomba, poti nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali isanasamukire ku Lilongwe. Mu 1991 dziko lathu linalowa m'pangano la Berne, lomwe limati nyimbo ya Mmalawi itetezedwe kunja monga mmene ya wakunja iyenera kutetezedwera kwathu kuno. Kenako mu 2016 kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 1989 lija, chifukwa lakalelo linalembedwa m'nyengo ya makaseti. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti amene wapeka nyimbo, walemba buku kapena wajambula filimu ndiye mwini wake, ndipo wina sangakopere n'kumagulitsa popanda chilolezo chake. Umwini umenewu sutha akamwalira. Umapitirira zaka 50 pambuyo pa imfa yake, kuti ana ake adyeko thukuta la bambo kapena mayi awo. Wophwanya lamuloli atha kulipitsidwa chindapusa kapena kukaseweza kundende.

Tsopano za msonkho uja. Munamva zoona, koma munangomva theka. Lamulo la 2016 linabweretsadi msonkho pa zipangizo zosungira zinthu monga mafoni, ma flash ndi ma memory card. Amatolera ndi a MRA katundu akamalowa m'dziko, kenako ndalama zimapita ku COSOMA kuti igawire eni luso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: boma likudziwa kuti silingaike wapolisi m'chipinda cha munthu aliyense. Munthu akagula nyimbo n'kuikopera m'foni mwake kuti azimvera akamapita kudimba, palibe angamuletse, ndiye bola woimba apezeko kangachepe kudzera pa msonkho. Msonkhowo ukulipirira kukopera kwa munthu payekha, kwa ntchito yake yapakhomo. Sukulipirira bizinesi. Inu mukalandira ndalama kwa kasitomala n'kumudzazira khadi, mwachoka pa munthu wokopera zake n'kukhala wogulitsa katundu wa eni. Zili ngati munthu amene walipira chiphaso cha pamsika n'kumati popeza ndalipira, ndingagulitse ngakhale tomato wa pa benchi ya mnzanga.

Ndikudziwa mmene ntchito yanu imayendera chifukwa ndakhalapo pa benchi ya malo ngati anuwo kufupi ndi depoti, kudikira kuti andichajire foni. Kunabwera mayi wina wachikulire, anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo atakakulunga m'pepala la kope. Anati, "Mwanawe, undiikiremo za kwaya zokhazokha, zachinyamatazo ayi." Mnyamatayo sanafunse n'komwe kuti kwaya iti. Anangokoka foda yonse n'kuiponya m'khadimo, mphindi zitatu basi, mayi aja n'kupereka ndalama yosakwana n'kugulira botolo la Fanta, ulendo. Mayi amene uja si wakuba. Alibe bandulo, alibe khadi la kubanki, ndipo mukawauza za Spotify angaganize kuti ndi mankhwala a mbewu. Kwa iwo, mnyamata uja ndiye sitolo ya nyimbo yokhayo yomwe ilipo.

Koma ndaonanso mbali inayo. Msuweni wanga amaimba kwaya. Iye ndi anzake anakongola ku banki m'khonde kuti akajambule chimbale ku Blantyre. Anasindikiza ma CD, anachita mwambo wokhazikitsa chimbalecho, anagulitsako ochepa kwa akumpingo. Patangotha masabata awiri tinakwera minibasi ya ku Liwonde, ndipo nyimbo yawo inali kuphulika m'masipika. Poyamba anasangalala, mpaka kugwedeza mutu. Atafunsa kondakitala kuti CD anaigula kuti, uja anaseka n'kunena kuti anabenetsa. Kuchokera pamenepo mpaka pa Domasi sanayankhulenso. Makatoni a ma CD aja akadali pansi pa bedi, ndipo ngongole anabweza ndi ndalama ya nandolo.

Ndiye wina akamandiuza kuti "tikuwatchukitsa oimbawa", ndimamuyang'ana kawiri. Zoona, alipo oimba ambiri masiku ano omwe amamwaza okha nyimbo zawo pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti adziwike, n'kumadyera ku mashowo ndi ku maukwati. Koma ameneyo wasankha yekha. Kupatsa ndi kulandidwa n'zosiyana, ngakhale katundu atathera m'manja momwemo.

Mkangano umenewu sunayambire kwathu, ndipo azungu anakangana mpaka m'nyumba za malamulo. Mu 1999 mnyamata wina wa ku America, Shawn Fanning, anapanga Napster, pulogalamu yomwe anthu ankagawana nayo nyimbo pa intaneti ulere. Makampani a nyimbo anamukokera kukhoti ndipo mu 2001 Napster inatsekedwa. Anthu sanasiye, anangosamukira kwina. Ku Sweden kunabadwa The Pirate Bay mu 2003, tsamba la pa intaneti lothandiza anthu kugawana nyimbo ndi mafilimu ulere. Mu 2009 khoti linagamula kuti anthu anayi okhudzidwa ndi tsambalo akakhale kundende chaka chimodzi. Mukudziwa chomwe chinachitika? Chaka chomwecho chipani cha Pirate Party, chomwe Rick Falkvinge anayambitsa mu 2006 pofuna kufewetsa malamulo amenewa, chinapeza mavoti opitirira 7 peresenti n'kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Europe. Tangoganizani chipani cha obena nyimbo chikupeza mpando ku Lilongwe.

Ku France boma la Nicolas Sarkozy linayesa nkhwangwa. Lamulo lawo la Hadopi la mu 2009 linkati munthu akagwidwa akukopera achenjezedwe, akabwereza achenjezedwenso, kachitatu amudulire intaneti. Pofika 2013 chilango chodula intaneticho anachichotsa. Ku America nako aphungu anabweretsa mabilu awiri, SOPA ndi PIPA, omwe akanapereka mphamvu zotsekera masamba oganiziridwa kuti akugawa zinthu za eni. Pa 18 Januwale 2012 Wikipedia yachingerezi inadzitseka tsiku lonse posonyeza kukwiya, masamba ena ambiri anachita zofanana, ndipo pasanathe sabata mabiluwo anaikidwa pambali. Mu Julayi chaka chomwecho aphungu a ku Europe anakana pangano la ACTA, lokhwimitsa malamulo oletsa kukopera zinthu za eni, anthu atachita zionetsero m'misewu.

Musaganize kuti onse otsutsawo ankangofuna zaulere. Ambiri mantha awo anali pena: ukapatsa boma kapena kampani mphamvu yotseka tsamba popanda woweruza, lero atseka la nyimbo zakuba, mawa atseka la munthu wodzudzula nduna. Ife a ku Zomba tisachite kuuzidwa za zimenezi. Ndende ya Mikuyu, komwe ankatsekerako otsutsa boma, ili pompano, ndipo akuluakulu athu akukumbukira nthawi yomwe buku kapena nyimbo inkayenera kudutsa kaye m'manja mwa bungwe lounika isanafike kwa anthu. N'chifukwa chake ine ndikamva wandale akunena kuti tikhwimitse malamulo a pa intaneti kuti titeteze oimba, ndimafuna ndione kaye kuti kiyi wa chitsekocho asunga ndani.

Pambuyo pake a ku Europe anasintha kolowera. Lamulo lawo la 2019, pa gawo 17, linasenzetsa katundu makampani akuluakulu monga YouTube, kuti iwowo ndiwo aziyesetsa kupeza chilolezo cha zomwe anthu akuika pa masamba awo. Apa ndiye ndikugwirizana nawo: tsatirani ndalama. Amene akupindula ndi luso la mnzake ndiye alipire. Ndipo chomwe chinachepetsa kwambiri kukopera kumeneko si ndende ayi. Ndi Spotify, pulogalamu yomvera nyimbo pa intaneti, yomwe inayamba mu 2008 ku Sweden komweko, kwawo kwa The Pirate Bay. Anthu ataona kuti kulipira pang'ono pamwezi n'kosavuta kuposa kusakasaka nyimbo m'masamba odzaza ma virus, ambiri anayamba kulipira okha.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lachiwiri, la WhatsApp. Kunena zoona, kutaya nyimbo ya munthu m'gulu la anthu mazana awiri popanda chilolezo chake sikulinso kukopera kwa pawekha. Kumeneko n'kugawa, ndipo mwini wake ali ndi chifukwa chodandaulira. Kungoti palibe amene angalondole mauthenga a aliyense, ndipo ine sindingafune dziko lomwe boma limasuzumira m'foni ya mtsikana wa ku Matawale kuti lione ngati watumizira mchemwali wake nyimbo ya chinkhoswe. Inu mumaoneka chifukwa muli ndi benchi, sipika ndi chikwangwani. Kodi n'chilungamo kuti wosauka wa pa benchi ndiye agwidwe? Mwina ayi. Koma mwa onsewa, inu ndi amene mukulandira ndalama m'manja.

Ndisaiwale: mnzanu wa ku Chancoyo mukamufunse kuti mabuku omwe amawerenga ku Chikanda ndi angati omwe anagula ndipo ndi angati a fotokope. Lamulo limapereka mpata pa zamaphunziro, koma mpatawo suli wofotokopa buku lonse chikuto mpaka chikuto n'kumagulitsa. Ku South Africa nkhani yomweyi ya masukulu ndi malaibulale yavuta zaka zambiri, moti mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatumiza bilu yawo ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko m'malo moisainira.

Nanga inu mutani? Sindikuuzani kuti mutseke mawa, poti ndikudziwa kuti pakompyuta pomwepo ndi pomwe pamachokera ufa. Chomwe ndingachite nditakhala inu ndi ichi. Ndingalembere kapena kuimbira a COSOMA n'kuwafotokozera ntchito yanga mmene ilili, n'kufunsa kuti chilolezo cha ntchito yotere chimayenda bwanji ndipo ndi ndalama zingati. Kupita wekha kuli bwino kuposa kudikira tsiku lomwe adzabwere ndi apolisi n'kunyamula kompyuta. Chachiwiri, oimba a konkuno mumawadziwa: makwaya a ku Sadzi, anyamata a ku Mpondabwino, magulu a m'mipingo. Pitani mukagwirizane nawo kuti pa khadi lililonse lomwe mwaikamo chimbale chawo muziwatumizira kenakake pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mulembe m'kope kuti aliyense aziona. Ambiri avomera, chifukwa panopa sakulandira kalikonse. Amene wakana, nyimbo zake muzichotse m'foda. Chachitatu, onjezerani zina zomwe sizikuikani m'mavuto: kutchaja mafoni, kutaipa makalata, kusindikiza zithunzi.

Za mafilimu akunja ndilibe njira yoti ndikupatseni. Eni ake ali ku Lagos, Mumbai ndi Los Angeles, simungawapeze kuti mugwirizane nawo, ndipo pangano la Berne lija limawateteza chimodzimodzi. Pamenepo mukuyenda nokha.

Msuweni wanga uja ndamuwerengera imelo yanu. Wati ngati mukufunadi, kwaya yawo ikhale yoyamba m'kope lanulo, ndipo Loweruka akhala ali ku Chinamwali pa maliro a mnansi wathu. Mundilembere kuti benchi yanu ili mbali iti ya msewu.