Turnitin yaonetsa 31%, ndiye kuti ndabera?

Imelo iyi yachokera kwa mchemwali wina amene ali chaka chachitatu ku yunivesite, akuti: "Pepala langa Turnitin inaonetsa 31% koma alekichara sananene kanthu, la mnzanga linali 8% yokha koma amuitana ku komiti ati anabera. Chilungamo chili pati apa?"

Achemwali, funso lanuli landikhudza chifukwa ophunzira ambiri sagona tulo ndi nambala imeneyi, amaitenga ngati chigamulo cha khoti pomwe si choncho ayi. Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe mayunivesite amaunikira nayo mapepala, sidziwa kuti munthu wabera, iyo imangofananitsa mawu anu ndi zomwe inasunga, mapepala a ophunzira ena, majenalo, masamba a pa intaneti, kenako nkupaka utoto pomwe mawu afanana, basi. Ndiye 31% yanuyo mukatsegula lipotilo mwina mupeza kuti ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto uja, funso la asayimenti lomwe kalasi yonse inalemba chimodzimodzi, ndi mawu omwe munaika mu ma quotation marks nkutchula mwini wake ndi peji yomwe. Apo mlandu palibe.

Koma 8% itha kukhala ndime imodzi yokha, ndime yomwe ndi mtima wa pepala lonse, yotengedwa yathunthu popanda kunena komwe yachokera. Ine ndinawerengapo pepala lina, Chingerezi chake chinali chopunthwapunthwa masamba anayi onse, mwadzidzidzi ndime yachisanu nkusalala ngati walemba pulofesa, ngakhale font inasintha, ndipo liwu lomwe mwini nkhaniyo analakwitsa sipelo linabwera nalo limodzi. Sipanafunike makina pamenepo.

Chomwe woweruza wabwino amadzifunsa nchakuti, kodi wolembayu wachititsa owerenga kuganiza kuti maganizowa ndi ake pomwe ndi a wina? Nchifukwa chake kusintha mawu awiri atatu kuti makina asakugwire sikukupulumutsa, ganizo likadali la eni ake ndipo uyenera kuwatchula. Zinthu zodziwika kwa aliyense, monga zoti madzi ndi H2O, sizifuna kutchula munthu. Ndipo zomwe ambiri sadziwa, kupereka pepala lako lomwe lakale ku kosi ina osanena, nazonso mayunivesite ambiri amaziwerengera ngati plagiarism, ndiko kuti kubera.

Musaganize kuti izi zimagwera ophunzira okha. Mu 2011 Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya zachitetezo ku Germany, analandidwa udokotala wake (digiri ya PhD) ndi yunivesite ya Bayreuth ndipo anatula pansi udindo, anthu wamba pa intaneti ndi omwe anafukula ndime ndi ndime. Mu 2013 Annette Schavan, nduna ya zamaphunziro yeniyeniyo ku Germany komweko, analandidwanso wake chifukwa cha thesis ya 1980, tangoganizani zaka zonsezo.

Mnzanuyo muuzeni asapite ku komiti chimanjamanja, apemphe lipoti lonse aone ndime zomwe akuzinenazo, atenge madrafti ake ndi manotsi omwe ankalemba powerenga. Ngati anangoiwala kutchula mwini mawu anene poyera, makomiti ambiri amasiyanitsa wophunzira amene sanadziwe kalembedwe ndi amene anabisa dala.