Mpando wa mwana wa autism: yankho kwa mayi wa ku Namwera

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera imelo yokhudza mwana wake wa zaka 6, yemwe madokotala adamupeza ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene mwana amalankhulirana ndi kuchezera ndi anthu. Akuti mwanayo sakhazikika pampando, amakonda kudzigwedeza, ndipo pakhomo pakachuluka alendo amakabisala kunsi kwa bedi. Achimwene awo ndi akalipentala, choncho akufunsa kuti awauze zotani, popeza mipando yapadera imene akuiona pa intaneti ndi yodula kwambiri.

Mayi, pempho langa ndi lakuti achimwene anuwo asafulumire kucheka thabwa inu musanamuyang'anitsitse mwanayo kwa masiku angapo, chifukwa zimene akuchitazo ndi zomwe zikuuzeni mpando woyenera. M'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo ngati thupi laima, lapendekeka kapena likuyenda, ndipo minofu ndi mfundo za mafupa nazonso zimatumiza uthenga wotere. Katswiri wa ku America, Jean Ayres, adalemba zambiri pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Kwa ana ambiri a autism, uthengawu umafika mopyola muyeso kapena moperewera, motero kudzigwedeza si mwano kapena kulodzedwa. Ndi njira imene mwana amakhazikitsira thupi lake pansi. Mpando wabwino uyenera kumulola kuchita zimenezo popanda kuvulala.

Ganizirani za Temple Grandin, mayi wa autism yemwe ndi pulofesa wa za ziweto. Ali ndi zaka 18 adadzipangira chipangizo cha matabwa chomufinya thupi, ataona momwe ng'ombe zinkafatsira zikapanikizidwa m'chikhola pa famu ya abale ake ku Arizona. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti chogwirira chake chinali m'manja mwa iye mwini: ankawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu yofinya mmene afunira, n'kutulukamo nthawi imene wafuna. Nanunso chilichonse chimene mungapange, mwana azitha kulowamo ndi kutulukamo yekha. Malamba omangira mwana pampando musaike, ngakhale wina atakuuzani kuti amathandiza.

Tsopano za miyeso. Mwana akakhala, mapazi onse aponde pansi, mawondo apindike ngati ngodya ya chitseko, ndipo msana ufike potsamira. Mapazi akamalendewera, ana ambiri amatakataka. M'mbali mukhale matabwa ofika m'chiuno, oyandikana ndi thupi mwakuti azimva kuti chinachake chamugwira, koma osamuthina. Popeza wanuyo amadzigwedeza, kunsi kwa miyendo aike timatabwa tiwiri topindika pang'ono, totalika kupyola mpandowo kutsogolo ndi kumbuyo kuti usagudubuzike. Ndi bwino kuyamba mwayeserera ndi makatoni olimba, kuti muone m'lifupi mmene iye akukondera musanawononge mlombwa kapena paini. Ngodya zonse azipale ndi sandipepa, alumikize ndi masikuluwu m'malo mwa misomali imene imazuka mpando ukamagwedezeka, ndipo vanishi aume panja mpaka fungo litatheratu, pakuti ana ambiri otere fungo limawasautsa kuposa mmene ife timaganizira.

Kutentha kwa kuno ku Mangochi nakonso muziwerengere. Khushoni yokutidwa ndi pulasitiki imamata thukuta mu Okutobala, ndipo mwana adzaukana mpandowo osatha kukuuzani chifukwa. Mipando yoluka imene amagulitsa m'mbali mwa msewu imapita mphepo bwino, koma timitu ta zolukirazo timabaya. Pititsani dzanja paliponse, kenako muyalepo chitenje chofewa chimene chachapidwa kambirimbiri.

Za kunsi kwa bedi zija, mwanayo akufuna malo ochepa, amdima pang'ono ndi opanda phokoso. Mupatseni malo akeake: tebulo lalifupi pakona yotalikirana ndi wailesi, chitenje chophimba mbali zitatu, mkeka pansi, mbali imodzi yotseguka kuti muzimuona. Malowa asadzakhale operekerako chilango.

Pa intaneti mudzaonanso mabulangeti olemera, amene amati amathandiza mwana kufatsa ndi kugona. Ine sindingakulimbikitseni. Kafukufuku wa ku Britain wa 2014 adapeza kuti sadawonjezere tulo ta ana a autism, ndipo mu 2008 mnyamata wa zaka 9 adamwalira ku Quebec, m'dziko la Canada, atakulungidwa m'bulangeti lotere kusukulu. Kuno kotentha chonchi ngoziyo ingakule.

Mpando ukatha, musamukakamize kukhalapo. Uikeni pamene amakonda kusewera, muzimusiya aufufuze yekha, ndipo mukadzapita ku chipatala cha boma mudzautenge kapena kuujambula pafoni kuti a mafizo akaone ngati akukhala bwino. Pakatha miyezi ingapo muyesenso miyendo yake, chifukwa pa msinkhu umenewu ana amakula msanga ndipo mpando umafunika kuukweza.